Swichi Yosalowa Madzi

Lachinayi. Mvula yakata, koma mtima sunakhazikike.

Dzulo ndinkapita ndi amayi kuchipatala ku Kasinje pa pikapu yanga yakale, imene ndinaiika ndekha mawindo amagetsi. Tili pakati pa mtsinje, madzi anafika m'zitseko ndipo injini inazima. Ndinadina swichi ya pachitseko, windo osatsika. Chitseko nacho chinakana kutseguka. Amayi anandigwira mkono nati, "Mwanawe, titulukira pati?" Anatipulumutsa ndi bambo wina amene ankapalira chimanga chapafupi, anaswa galasi ndi khasu.

Lero ndinapita kwa a Ngozo, amakaniko a pa Nsipe. Anandionetsa maswichi awiri.

"Yonyezimirayi imamwa madzi," anatero. "Tengani yokutidwa ndi mphirayi. Tiibisa kuseri kwa chiwongolero, pamwamba, poti madzi safika msanga komanso ana sangaiseweretse."

Ndinasankha yamphirayo. Kenako ndinafunsa ngati ingagwirebe ntchito batire itamira. Anapukusa mutu.

"Muzisunganso hamala pafupi."

Amayi akuti Lolemba apita pa kabaza. Sindinawatsutse, chifukwa inenso ndikaganiza zowolokanso pamene paja...