Miyala ya Kuseri kwa Mpanda wa Esinati

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Dorika wanu. Ndakalamba kuposa mmene munalili inu potisiya. Maso achita chidima, ndipo mukudziwa kuti cholembera sindinachizolowere, choncho ine ndikuyankhula, mpongozi wanga akulemba. Ndamuuza kuti asakonze mawu anga.

Kuno ku Nkopola tilipo. Mdzukulu wanga Tadala wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga chinapserera ndi dzuwa, koma usipa watisunga. Lameki wanga, uja munkamubereka kumsana popita kukachapa kunyanja, tsopano ndi mkulu wa mpingo. Akaima kutsogolo atavala jekete lake, ine mtima umadzaza. Ndinamuphunzitsa ndekha ndi nsomba zouma, ndipo kunyada kwanga sindibisa.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi lero ndi ya Esinati, mwana wamasiye uja munamulera pamodzi ndi ine.

Nyanja inakwera, madzi n'kulowa m'tchalitchi mpaka paguwa. Akuluakulu a mpingo anayamba kufuna malo a pamtunda omangapo tchalitchi chatsopano, maso awo n'kugwera pa malo a Esinati. Iye anakana. Anati, "Mango awa anadzala ndi amuna anga. Ndi miyendo iyi ndilowere kuti?" Mwezi usanathe, mwana wa mlembi wa mpingo anamwalira ndi malungo. Kenako kunabwera mlaliki wachilendo, nati pali nkhalamba ina yokhala pamtunda imene ikudya ana. Dzina sanatchule. Koma pamtunda paja pali nyumba imodzi yokha, Amayi. Anthu anati Ameni. Lameki nayenso anati Ameni, ndinamumva ndi makutu angawa.

Kuyambira tsiku limenelo, pabenchi pamene wakhala Esinati sipakhala munthu wina. Amayi anzathu a bulauzi zoyera, omwe timaimba nawo nyimbo za chikondi, akamupeza pamjigo amaima patali ndi ndowa zawo mpaka achoke. Amene akumupatsabe moni ndi Che Yusufu, Msilamu uja wa ngalawa, ndipo ndiwo amamusiyira tinsomba pakhomo. Ine, mbale wake wa mbale imodzi, ndinakhala chete milungu itatu, kuopa kumuchotsera ulemu mwana wanga. Ndikunena ndi manyazi.

Paja ndikadya osamugawira Esinati munkandikoka khutu, n'kumati, "Dorika, usapemphere pakamwa pali podzaza mnzako akuyang'ana." Mawu amenewa andisowetsa mtendere.

Ndinamuitana Lameki. Ndinati, "Iwe, Esinati anakusambitsa uli khanda, anakutafunira chakudya. Bwanji sanakudye iweyo?" Anayang'ana pansi nati, "Mayi, musalowerere, anthu akwiya." Ndinati, "Anawakwiyitsa ndani?" Anangotenga njinga yake n'kumapita.

Dzulo ndinakamuona Esinati. Kuseri kwa mpanda wake kuli mulu wa miyala. Akuti a kwaya akututa ya maziko a tchalitchi chatsopano, chonsecho malowo mwiniwake sanapereke. Amayi, maziko ndawaona ambiri pa moyo wanga. Mwala wa maziko amanyamula anthu awiri. Iyi ndi yokwana m'dzanja.

Loweruka kuli mapemphero osala kudya, ndipo mlaliki uja akubweranso. Akuti akamaliza kupemphera adzaguba ndi nyimbo, kuyeretsa mudzi.

Mphasa yanga ndaitumiza kale kwa Esinati, ndikusamukira komweko. Loweruka ndidzavala bulauzi yanga yoyera n'kukhala pakhomo pake. Sindikudziwa ngati Lameki adzakhala kutsogolo kwa gululo. Ngati adzakhalapo, adzayamba waona nkhope ya amene anamubala.

Ndikukulonjezani kuti pakhomo paja sindidzasuntha. Mukadzaona tikubwera awiri, musadabwe, Amayi. Mudzangotiyalira pokhala.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dorika