Njira ya Mabwato

Lolemba, 15 Meyi
Kwabwera oyeza mchenga. Wowatsogolera ndi mtsikana wa ku Accra, dzina lake Yayra. Ayenda mudzi wonse, mbali ya nyanja ndi mbali ya dziwe, kufufuza pamene namondwe angaboole. Ndimawatsata chapatali mpaka nsomba zanga zapserera pa ng'anjo.

Lachiwiri, 16 Meyi
Ndimayesa atchula kumanda, poti mtunda ndi wopyapyala kumeneko. Ayi. Akuti kuseri kwa khitchini yanga, pamene amuna amakokera mabwato kuchokera kudziwe kupita kunyanja. Akhala akukoka mpaka pakumbika ngati khwawa.

"Mayi, mafunde aakulu adzalowera pano, ndipo nyumba yoyamba ndi yanu," anatero Yayra. Koma akuti tikatchingapo ndi masamba a kokonati, anthu n'kusiya kupondapo, mphepo ibweza mchenga yokha. Ndinamufunsanso kuti abwereze. Anabwereza.

Lachitatu, 17 Meyi
Ndawauza alamu anga a Agbeko, poti bwato lalikulu ndi lawo. Kuseka! "Mlamu, inu mumathawa ndi nkhanu yomwe. Tikazungulire mpaka kudoko la kumwera? Msana mutibwereka wanu?"



Lachisanu, 19 Meyi
Ndazika masamba ndekha, mzere wowongoka bwinobwino. Pofika masana bwato linali litadutsa pamwamba pake.

Loweruka, 20 Meyi
Dzifa, mnzanga wowamba naye nsomba, wandipeza ndikutola masambawo. "Iwe, ukunyengerera amuna? Amuna amatsata mabeseni. Nsomba azigulitsa kwa ndani, kwa mchenga?" Tayenda khomo ndi khomo. Amayi onse avomera kuti tizikadikira nsomba kumwera. Akazi a Agbeko ndiwo anayamba kunyamula beseni.

Lamulungu, 21 Meyi
Ndazikanso masamba. Nanga amunawo akakagulitsa nsomba kumsika wa ku Keta?

Lolemba, 22 Meyi
Tinakhala kumwera, mabeseni pamiyendo. Mabwato anafika pamalo akale, n'kupeza palibe munthu. Anayandama, kuyandama, ife phee. Kenako la a Agbeko linatembenuka, ena pambuyo pake.

A Agbeko atsika akutukwana. "Mlamu, mwandikalambitsa lero!" Ndawapatsa madzi, amwa onse. Akupukuta pakamwa akuti masamba anga ndazika mosazama, mphepo ya Juni iwazula. Akuti mawa ndiwasungire fosholo.