Yunivesite ya Ababa

Amayi anga, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji?

Kuno tilipo, mongokhala. Nyanja yakwera chaka chino mpaka kumeza mathandala athu, ndiye usipa ndikuyanika pa thandala lobwereka kumtunda. Mpunga wa kudambo unamira, tinangopulumutsa wodya mwezi wa Ramadani. Mariamu wa amalume wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, kalilidwe kakenso n'ka munthu wosafuna zibwana.

Koma chondilembetsa ndi nkhani ya Rashidi ndi ababa.

Mwana wanu Rashidi anasankhidwa kupita ku yunivesite ya boma, yomwe ija ababa anaphunzirako asanakukwatireni. Mukudziwa mmene amaitamandira: mazira m'mawa, nyama masana, zofunda zochapidwa ndi antchito, boma n'kuwonjezanso ya mabuku. Munkati, "Bambo anuwa thupi lili ku Senga Bay, koma mutu anauiwala ku koleji." Tinkaseka. Pano sindiseka.

Tsiku lonyamuka ndinamukonzera ufa, usipa wouma, kapoto ndi bulangete. Ababa anazitsitsa pa kabaza ndi manja awo. "Halima, usandichititse manyazi. Kuyunivesite sapita ndi fungo la nsomba. Zonse akazipeza komweko." Ndinati, "Ababa, anthu akuti masiku ano aliyense amadzionera yekha." Anandiyang'ana n'kuti, "Iwe unapitako?" Funso limenelo, amayi, lochokera kwa munthu yemwe anandiimitsa pa Folomu 4 kuti ndizikudwazikani, inu mutatisiya n'kunena kuti mwayi wotsala ndi wa mwana wamwamuna. Kukudwazikani sindidandaula. Koma funsolo ndalisunga. Mwana anapita ndi sutikesi, tayi ya ababa, kandalama ka sopo, ndi pemphero la dua.

Pafoni ankangoti zonse zili bwino. Akanati chiyani kwa munthu womufunsa kuti, "Lero akupatsani nkhuku kapena ng'ombe?"

Mwezi watha ababa anavala jekete, akuti akukaona mwana ndi kupondanso mmene anaponda ali mnyamata. Anabwerako ndi Rashidi, khosi ngati la kakowa, maso olowa, akutsokomola. Malo ogona mkati mwa yunivesite sanawapeze. Ankagona pansi m'kachipinda kuseri kwa chigayo, mothithikana ndi anzake, kudya kamodzi patsiku, nthawi zina chinangwa ndi madzi basi.

Panapita masiku angapo. Kenako ababa anayamba kufotokozera anzawo a kumzikiti pakhonde, ine ndikumva ndili kuseri. Akuti holo yodyera ija pano akugulitsiramo tchipisi. M'chipinda chomwe ankagona awiri anapeza matilesi atafika pakhomo. M'kalasi ana ena ataimirira pawindo, kope ataliika pamsana pa mnzawo. Mulaibulale anapeza buku lomwe ankawerenga iwowo, lomwelo ndithu, masamba apakati atang'ambidwa. Pageti anamuuza mlonda dzina lawo ndi chaka chomwe anamaliza, mlondayo anangoti, "Madala, sunthani galimoto idutse." Atafika pamenepo mawu awo ananjenjemera. Mwaona, amayi? Pa za mwana wowonda mawu anali bwinobwino. Ananjenjemera pa za mlonda.

Ndiye agamula. Akuti yunivesite inafa, chatsala ndi makoma, ndipo mwana wawo sabwererako. Akachira apite ku chilumba cha Mbenji ndi amalume azikakoka khoka la chilimira. Rashidi, yemwe amasanza m'bwato nyanja ili bata! Sukulu ikutsegulira Lolemba, ndipo akapanda kukaonekera, malo ake atha. Iye amangoyang'ana pansi. Nditamupanikiza anati, "Achemwali, aphunzitsi abwino alipo, ndipo mayeso ndinakhoza. Yandigonjetsa ndi njala yokha."

Ndinawayankha ababa, ndipo ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukananditsina. Ndinati, "Yafa ndi yanu ija. Ya Rashidi ilipo. Ndi yothina, ndi yanjala, koma ndi yokhayo imene tili nayo. Inu munadya nyama ya boma, mwana wanu n'kumutumiza kukadya nkhani zanu." Anati kamwa langa lidzandithawitsira mabanja. Chiyambire sanandilankhulenso. Ndimawaikira chakudya, amadya, ndimachotsa mbale.

Munkandiuza kuti ndikakwiya ndizitsuka kaye mbale ndisanatsegule pakamwa. Ndatsuka zonse, ndi miphika yomwe, mkwiyo uli pomwepo. Chimandiwawa n'choti sikuti samukonda mwanayo ayi. Amadzuka kukamumvetsera akamatsokomola. Kungoti akulira maliro a koleji yawo, ndipo akufuna tonse tikhale pasiwa mpaka Rashidi akalambe ndi nkhafi m'manja.

Ndalankhula ndi kondakitala wina wa pa depoti ku Salima, wavomera kumandinyamulira kathumba ka chakudya kupita kwa Rashidi mwezi ndi mwezi. Kuti zimenezi zitheke ndiyenera kukhala pa thandala mpaka Rashidi amalize. Choncho Twaibu, mnyamata wokonza mainjini uja munkati ali ndi ulemu, ndamuuza kuti za ukwati adikire. Akuti aganiza kaye. Aganize.

Lamlungu m'mawa ndikamukweza Rashidi minibasi. Sindimuzembetsa, tidzatulukira pakhomo lakumaso ababa ali pakhonde. Akafuna kumuletsa, ayambe ndi ine.

Ndimakukondani monga kale, amayi, ndipo ndimakuwerengerani dua. Ndikulonjeza kuti mwana wanu sakwera bwato ine ndili moyo. Za kukhululuka musandifunse panopa.

Ine mwana wanu,
Halima