Alamu Amatsika pa Mlatho

Lolemba, 4 Ogasiti

Kuchipatala m'mawa. Dokotala watsimikiza: ng'ala, diso la kumanzere. Opaleshoni kumapeto kwa mwezi uno. Pambuyo pake milungu ingapo osagwira chiwongolero.

Ndauza Akapitawo ku bungwe lathu lonyamula ana a sukulu. Ati minibasi ya ana adzaitenga mnyamata waganyu yemwe uja, amene wakhala akundigwirira Lachitatu lililonse chiyambire mwezi watha ndikapita kokayezetsa. Ku galaja amamutcha Sekaseka. Laisensi ali nayo. Ku polisi anati alibe mlandu uliwonse. Mano panja tsiku lonse.

Madzulo kutula ana monga mwa nthawi zonse. Buleki yakumbuyo ikulira. Ndinanena kale.

Pa mlatho Alamu atsika.

Za ichi sindinalembepo. Lero ndalemba, chifukwa galimoto ikupita m'manja mwa wina.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Lamulo la bungwe ndi ili. M'galimoto ya ana mukhale akulu awiri, dalaivala ndi woperekeza, kufikira mwana womaliza atalowa pakhomo pa kwawo. Anatiphunzitsa chaka chatha Mayi a Chitetezo, amene amayang'anira za kusamala ana. Tonse tinagwedeza mitu.

Woperekeza wanga ndi Alamu, mkazi wa malemu mng'ono wanga. Ntchitoyi ndinawapemphera ndine, maliro atatha.

Nyumba yawo ili pafupi ndi mlatho. Kuchokera pamenepo msewu umakwera chitunda, kudutsa nyumba zosatha kumanga, mpaka kumapeto kumene kumatsika mwana mmodzi yekha. Mtsikana wa zaka khumi. Anzake amamutcha Katsiriza. Tikamutula iyeyo, galimoto imabwerera ku galaja njira ina yosadzera pa mlatho. Tsono Alamu akafika kumapeto, kwawo abwerera wapansi. Kunyumba ana atatu, moto wosakoleza.

Tsiku loyamba anapempha bwinobwino. "Bambo aakulu, lero lokha." Lero lokhalo latha miyezi.

Ine ndimadzidziwa. Mwana kumbuyo, ine kutsogolo, osalankhulana. Koma lamulo sanalikonzere munthu amene amadzidziwa.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Dzulo kokayezetsa. Lero ndapeza mpando wanga atausunthira kumbuyo, galasi atalipotoza, wailesi ili pa nyimbo zaphokoso. Ana akumutama mnyamatayo. Ati amaimba nawo, ndipo pa mabampu amathamanga dala kuti adumphe. Ine amanditcha Agogo a Buleki. Zilibe kanthu.

Ndafunsa Alamu ngati masiku a Lachitatu amatsikanso pa mlatho. Aseka. "Nanga nditsikire kuti, kumwamba? Mnyamata uja ngwabwino kuposa inu, Bambo aakulu. Sakwinya nkhope ngati wamwa mankhwala. Amachita kundiuza yekha kuti mayi tsikani mukaphikire ana."

Amachita kuwauza yekha.

Ndati ine ndikakhala palibe, azifika kumapeto. Ati, "Ndiye kuti mngelo ndinu nokha, enafe tonse afisi?" 

Loweruka, 9 Ogasiti

Kutsuka galimoto. Pansi pa mpando wakutsogolo, wa pambali pa dalaivala, kariboni kofiira komangira tsitsi. Mpando umenewu ndi wa woperekeza. Mwana saloledwa kukhalapo.

Alamu tsitsi lawo ndi lalifupi. Kariboni kotere ndakhala ndikukaona m'galasi, pa mpando wakumbuyo.

Ndakaika m'thumba la malaya. Tsiku lonse kulowa ndi kutuluka. Ndamasula chitseko cha khitchini, ndachimanganso, chonsecho sichinali chowonongeka. Mayi a kunyumba ati, "Kodi mwakhalira linthumbu?" Akuyesa ndikuopa mpeni wa dokotala. Ndawasiya ayese choncho.

Lolemba, 11 Ogasiti

Alamu atatsika, ndapereka kariboni kwa Katsiriza, chitseko chili chotsegula. Walandira, wakabisa m'chikwama. Sindinafunse kanthu. Anatiphunzitsa kuti mwana sitimupanikiza ndi mafunso. Akayamba yekha timamvetsera, kenako timakanena.

Pa chitunda walankhula ali kumbuyo. Koyamba chiyambire kumunyamula.

"Agogo, Lachitatu mubwera?" Ndati ayi. "Nanga Lachitatu linalo?" Ndati ayi.

Tafika pakhomo. Amayi ake anali pa chingwe, kwanula zovala. Andikwezera dzanja. Magalasi a m'mbali ndi akuda. Iwo akuyesa kuti m'katimo muli mayi woperekeza.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndalankhula naye Sekaseka ku galaja. Ndati mwana asakhale kutsogolo. Waseka. "Madala, kumbuyo kuja kumagwedeza, mwana amachita nseru. Mukufuna akusanzireni mipando?" Ndati Alamu asatsike pa mlatho. Wati, "Aa, madala! Pajatu amatsika inu muli pa chiwongolero. Ine ndangoponda pamene aponda akuluakulu." Wandigwira paphewa. Sindikonda kugwidwa.

Wanena zoona. N'chimene chandiwawa.

Ndinafika pakhomo pa ofesi ya Mayi a Chitetezo. Anali pa foni. Ndaima pang'ono, ndabwerera. Ndikanena, Alamu ntchito yatha. Ana a mng'ono wanga adya chiyani? Ndipo ndikanene chiyani? Kariboni. Mafunso a mwana. Munthu sangamuipitsire dzina chifukwa amaseka kwambiri.

Ndapempha Akapitawo kuti titembenuze ulendo, tiziyamba kumapeto n'kumalizira pa mlatho. Potero palibe wotsala yekha, palibenso wochotsedwa ntchito. Ati mafuta. Ati njira anaikonza ku likulu, saisintha ndi dalaivala. Chifukwa chenicheni sindinawauze, choncho sindingawadandaule.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Kuchipatala sindinapite. Ndayendetsa ndekha. Sekaseka anabwera atavala kale jekete la ntchito. Ndamuuza kuti tsiku lasintha. Waseka, koma maso sanaseke. Kapena ndi diso langa lodwalali likundinamiza.

Pa mlatho sindinaime. Alamu amenya chitseko. "Bambo aakulu, mwagona kodi? Mwapitirira!" Ndati sindinagone. Mpaka kumapeto osayang'anana. Pobwerera ndazungulira, ndawatula pakhomo pawo. Za mafuta ndidzayankha ndine.

Potsika ati, "Mng'ono wanu akanakhala moyo simukanandichita chonchi."

Mwina.

Lachisanu, 15 Ogasiti

A chipatala aimba. Ndikajombanso andichotsa pa mzere, ndidikire chaka chamawa.

Ndinaganiza zotero. Kudikira, kuti chiwongolero ndisachisiye. Koma dzulo wanjinga ndamuona atafika kale pa bampala. Ana odzaza galimoto. Kuumirira pa mpandowu chifukwa cha mwana mmodzi ndi kuika onsewo pa ngozi. Njira yozembera yatsekeka.

Mayi a kunyumba ndawauza zonse.  Kenako ati, "Mukanena, abale onse adzati munalanda chakudya pakamwa pa ana amasiye. Mukapanda kunena, ine ndidzakuyang'anani bwanji? Sankhani nokha. Si paja mumati ndinu aakulu pabanja pano."



Lolemba, 18 Ogasiti

Ndanena.

Ndinayamba ndadzera kwa Alamu m'mawa, kuti asamvere kwa ena. Ndawapeza akusita yunifolomu ya mwana. Ndati lero ndikupita ku ofesi, tiyeni limodzi mukadzinenere nokha. Sanatukule mutu. "Pitani. Mukawauzenso kuti amene amaponda buleki pa mlatho paja ndani." Ndati ndikawauza.

Mayi a Chitetezo sanakweze mawu. Anatseka kompyuta, namvetsera mpaka ndatha. Anafunsa kuti zinayamba liti. Anafunsa chifukwa chimene sindinabwerere kale.  Za mnyamatayo ndanena zokhazo zimene ndinaona ndi kumva. Zimene ndikuganiza ndasunga m'mimba. Iwo ati, "Kuweruza si kwanu, bambo, ndipo lero si kwanga. Kwanu kunali kubwera."

Alamu awaimitsa kaye. Ine chenjezo lomaliza. Sekaseka asayandikire galimoto ya ana kufikira atafufuza. Woperekeza tsopano ndi mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo njira aitembenuza lero lomwe. Mafuta apezeka.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Ku galaja ndikalowa nkhani zimatha. Makanika wina wati, "Bisani ma sipanala, afika apolisi a diso limodzi." Onse kuseka. Mlonda wa pageti wandiuza pambali kuti Sekaseka mkazi wake ndi woyembekezera, ndipo ganyu anali nayo ndi yomweyi. Sindinkadziwa.

Mwana wamkulu wa Alamu ndakumana naye pa golosale. Wandipatsa moni wa mlendo. Mwana amene ndinamunyamula tsiku lotuluka kuchipatala.

Nanga ngati mnyamatayo alibe mlandu? Ndiye kuti ndagwetsa nyumba ziwiri chifukwa cha kansalu kofiira. Ndimakhala, ndimaimirira, ndimakhalanso.

Katsiriza lero anali kumbuyo ndi mphunzitsi, kuwerenga zikwangwani za m'msewu mokweza. Zimenezi sizitsimikiza kanthu.

Lamlungu, 24 Ogasiti

Ndatuma mayi a kunyumba ndi kathumba ka zakudya kwa Alamu. Kabwerera osamasulidwa.

Mlongo wanga waimba foni. Sanafunse za diso. Wati, "Achimwene, mwakalamba ndi mtima womwewo. Nkhani ya pabanja mukaitula kwa mabwana?" Ndati sinali ya pabanja pathu pokha. Wadula.

Lachiwiri, 2 Seputembala

Diso lomata. Ndikulemba ndi limodzi, mizere ikukwera phiri. Kuwawa ndi kochepa. Chovuta ndi kukhala.

Mayi a Chitetezo anabwera kudzandizonda. Ndinafunsa kuti nkhani ili pati. Ati nkhani ya mwana saikamba, ngakhale kwa ine. N'zoyenera. Ndikanakhala iwo ndikanayankha chimodzimodzi. Komabe atapita ndinazungulira nyumba mpaka mayi a kunyumba anandikalipira.

Madzulo dzuwa likapendeka, phazi limafuna buleki lokha.

Lachinayi, 4 Seputembala

Alamu abwera masana. Sanaodire. Mpando aukana, akhala pansi pakhomo.

Ati dzulo anakwera chitunda chija wapansi, mpaka kumapeto. Cholinga chinali kukapempha amayi a Katsiriza kuti akawanenere ku ofesi kuti palibe choipa chinachitika, ntchito ibwerere. Mayiyo anawalandira panja, nawauza yekha.

Mwana analankhula sabata yatha. Mnyamata uja ankaimika galimoto kuseri kwa nyumba zosatha zija. Ankamujambula pa foni. Anamulonjeza nsapato, nati ndi chinsinsi cha awiri. Anati Agogo akalowa m'chipatala adzamutenga kuti akasankhe yekha. Kupitirira apo sizinafike, atero mayi ake. Nkhani ili ku polisi.

Ndinkayesa kuti ndikadziwa, mtima ukhala pansi. Sunakhale. Ndikuwerenga masiku a Lachitatu aja, ine ndili pa benchi ya chipatala kudandaula za mzere.

Alamu ati, "Mayi uja sanandilalatire, Bambo aakulu. Bola akanandimenya. Anangondifunsa kuti, nanga inu munali kuti? Ndinati ndinali kuphika."

Mayi a kunyumba anawabweretsera madzi.  Sindinanene kuti ndinakuuzani. Ndani angauze mnzake, poti galimoto ndinkaimika ndine.

Ana awo azidzadya kuno kufikira zitadziwika. Sanakane.

Apolisi akufuna Alamu mawa, akanene masiku amene ankatsika. Apempha kuti ndiwaperekeze, ati okha sangakafike. Ndati nanenso ndili ndi anga oti ndikanene.

Dokotala anati ndisatuluke padzuwa ndi pafumbi sabata ino. Malaya oyera andisitire. Ndituluka.