Galimoto Yotsika ya Achimwene a Kelvin

Biwi, Lilongwe
14 Okutobala

Okondedwa Amalume,

Pepani kuti ndakuvutitsani ndi kalata nthawi ino muli kalikiliki ku nazale ya fodya. Ndikanaimba foni, koma mukundidziwa, pamaso pa akuluakulu mawu amandithawa. Kaya muli bwanji kumeneko, nanga chifuwa chija chinasiya? Ife kuno tili bwino.

Tamva kuti mwakana kukhala ankhoswe a achimwene a Kelvin, chifukwa anthu a kwathu ku Mkanda anaona galimoto yawo itazunguliridwa ndi apolisi pafupi ndi Kamwendo, ndiye akuti amazembetsa katundu wa ku Zambia. Ine ndinali m'galimotomo tsiku limenelo. Ndilolereni ndifotokoze zimene ndinaona.

Galimotoyo achimwene anaigula itachita ngozi. Inabwera pa lole, ilibe ngakhale galasi limodzi. Aikonza okha zaka ziwiri akaweruka ku galaja. Ndi Altezza yofiira, yolira kwambiri, ndipo anaitsitsa dala kuti izigwira bwino msewu ikamathamanga. Nsalu za mipando ndinasoka ndine, pa makina a kumene ndimagwira ntchito.

Tsikulo tinkapita ku boda kukamuyeza Caroline, bwenzi la achimwene, diresi la chinkhoswe. Apolisi atatiimitsa anati galimoto ikatsika chonchi ndiye kuti yalemedwa ndi katundu wobisa. Anafunsanso kuti mnyamata wa msinkhu umenewu galimoto yotere waitenga kuti. Mapepala onse anali bwino. Anatsegula buti osapeza kanthu, kenaka anazula mpando wakumbuyo, ndipo mmodzi anatulutsa mpeni kuti aung'ambe.

Amalume, sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinawapempha kuti asadule nsaluyo, ndisomola ndekha poti ndinasoka ndine. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu ndi kalezala kanga, anthu opita kumsika ataima n'kumaonerera. Ndinasomola ulusi wonse bwinobwino. M'katimo anapezamo siponji basi.

Wamkulu wa apolisiwo anaseka, nati atelala awa ndi okhwima mtima kuposa adalaivala. Kenaka anauza achimwene kuti atsegule kutsogolo, ndipo anayang'ana injini nthawi yaitali. Atamva kuti anaimanga okha, anati ali ndi manja abwino, tizipita. Nthawi yonseyi achimwene sanakweze mawu, ngakhale amaimitsidwa chonchi pafupifupi ulendo uliwonse. Ine ndinanyadira kukhala mlongo wawo. Anthu a kwathu aja anaona mpando uli panja, koma sanadikire kuti aone tikunyamuka.

Pempho langa ndi limodzi. Makolo a Caroline anena kuti mwezi uno ukatha osaona ankhoswe a kuchimuna, aona ngati banja lathu lilibe naye chidwi mwana wawo. Achimwene sakudandaula pakamwa, koma akudya pang'ono. Chonde bwerani mudzaione nokha galimotoyo, muwafunse chilichonse, kenaka mugamule. Kumudzi singafike, poti pa msewu wathu uja ingasiye mimba yake pa chitunda choyamba. Achimwene akuti inu mukangofika pa Kamwendo adzakupezani pomwepo, ndipo ndawauza kuti inu mukakwera asapitirire liwiro la sikisite.

Mundiperekere moni kwa amayi, mayi aang'ono a Rozi, asuweni anga onse ndi akunyumba kwanu. Amayi muwauze kuti mwana wawo sanagonepo m'chitokosi.

Ngati ndalakwitsa penapake mundikhululukire. Chonde yankhani msanga, ngakhale mawu awiri okha pa foni ya achimwene, masiku atsala ochepa.

Ndine mdzukulu wanu,
Luwiza