Ndinalangiza mng'ono wanga mutu uli m'makwerero

Agogo,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa zitenje pamsika wa Mitundu. Ndakhala ndi amuna anga, a Gilibati, zaka khumi ndi chimodzi ndipo sanandimenyepo. Chomwe chikufuna kutipasula ndi bowo.

Chaka chatha bambowa anagula kagalimoto kakale konyamulira buledi kuti azichita hayala. Kuseri kwa mipando iwiri yakutsogolo kuli chotchinga cha waya wolimba, cholekanitsa anthu ndi katundu. Tsiku lina munthu anabwera ndi mapaipi aatali, chitseko chakumbuyo osatsekeka. Bambowa anapita kwa a Maliro, owotcherera zitsulo, nawauza kuti aboole kabowo pachotchingacho, mbali yomwe ndimakhala ine. Kanali kongokwana chibakera, sindinadandaule. Kenako kunabwera nsungwi, kenako mitengo ya denga, ndipo ulendo uliwonse a Maliro ankawonjezera bowolo. Kutchalitchi ndinayamba kupita nditapendeketsa khosi, paipi itatsamira paphewa.

Mwezi watha kunali chinkhoswe cha mng'ono wanga Idesi ku Nathenje, ndipo anasankha ine kuti ndikapereke malangizo. M'mawa womwewo bambowa anapatsidwa makwerero a bulugama oti akasiye kwa mmisiri wina ku Nathenje komweko. Anawalowetsa pabowo paja chogoneka mpaka anakagunda galasi lakutsogolo, nawamanga ndi mphira. Nditafunsa pokhala, anati, "Mafuta akuvuta, amake Anna, ulendo ndi umodzi. Lowani chowerama, mutu mutulutsire pakati pa masitepe awiriwa."

Agogo, ndinavomera. Mutu unalowa movutirapo, koma unalowa. Msewu uja ndi wa mabampu, ndiye pofika makutu anali atatupa ndi kukhuzika. Mutu unakana kutuluka. Kukokera makwerero kumbuyo sizikanatheka, poti ine pabowo sindingadutse. Kutsogolo kunali galasi.

Amayi ophika anabwera ndi sopo, ena mafuta ophikira, koma ayi ndithu. Mchimwene wanga atanena zodula sitepe imodzi, bambowa anakana. "Makwererowa ndi a eni ake, tidikire ayankhe foni." Eni akewo foni inali yothima.

Nthawi yanga itakwana, anasuntha galimoto n'kuyiimika pafupi ndi tenti, ndipo woyendetsa mwambo anandipatsira chimkuzamawu pazenera. Ndinalankhula zomwe ndinakonza kunyumba. Nditafika pakuti, "Banja ndi kupirira, mng'ono wanga," anthu anaseka mpaka ena kugona pansi. Idesi analira. Apa mpamene mchimwene wanga anakabwereka sowo n'kudula osafunsanso munthu. Nditatuluka, a Gilibati anatola kamtengo kodulidwako, n'kuyamba kuyeza ngati kangakhomedwenso. Khosi langa analiyang'ana pambuyo pake.

Pano vidiyo yake ili m'mafoni, kumsika akunditchula Amake Makwerero, ndipo Idesi sakundiyankhula. Bambowa akuti aphunzirapo kanthu: cholakwika ndi mpando wanga. Loweruka akufuna kuuchotsa, ine andiikire kabenchi kumbuyo, pamodzi ndi katundu. A Maliro andinong'oneza kuti ndikangoba makiyi, iwo atseka bowolo mwamseri. Ndibe makiyiwo, kapena ndilongedze?

P.K., Mitundu


Mayi P.K.,

Ndaseka, sindikubisirani. Koma nditawerenganso kachiwiri kuseka kunatha. Mbuzi ikanadumphira pamsewu tsiku limenelo, bambowo n'kuponda buleki mwadzidzidzi, mphira zija sizikanagwira kanthu, ndipo ku Nathenje anthu akanasonkhana pa mwambo wina. Choyamba, pitani kuchipatala akaone khosilo ndi makutuwo, ngakhale mukuona ngati mwachira.

Makiyi musabe. Bowo lotsekedwa mwamseri limabooledwanso m'mawa mwake, ndipo wodya bwino ndi a Maliro okha. Kulongedzanso musafulumire. Amuna anuwo sindikuwaona nkhanza. Hayala yawalowa m'mutu, moti chilichonse akuchiona kutalika ndi kufupika kwake, inu nomwe.

Akhazikeni pansi Loweruka lisanafike, tsiku loti sanapite pamsewu. Musayambe ndi manyazi a vidiyo. Afunseni kuti chotchingacho anachiikira chiyani amene anapanga galimoto. Ntchito yake ndi kugwira katundu kuti asaphwanye mitu ya anthu galimoto ikaima mwadzidzidzi, ndipo umodzi mwa mituyo ndi wawo womwe. Chikadulidwadulidwa chimafooka chonse, osati mbali yanu yokha.

Katundu wamtali malo ake ndi pamwamba. Awotcheretse keliyala yolimba padenga, agule malamba enieni omangira, ndipo kunsonga kwa chilichonse chotuluka kunja azimangako kansalu kofiira. Nsaluyo mupereke ndinu, zitenje muli nazo. Chotchingacho chibwezeretsedwe. Ngati akakamira kuti mapaipi ena azidutsa mkati, pakhale kachitseko kakang'ono m'munsi, kozunguliridwa ndi chitsulo, kokhala ndi mahinjesi ndi loko. Kakatseguka, pampando wanu pasakhale munthu. Katundu woposa apo ndi wa lole, awasiyire anzawo. Asanawotcherere, afunsenso kwa oona za pamsewu ngati zosinthazo n'zololedwa.

Za kabenchi muzikane poyera, pamaso pa ankhoswe anu onse awiri. Mchimwene wanu uja akhalepo, koma sowo asiye kunyumba. Pamenepo a Gilibati apepese kwa inu, kenako mupite limodzi kwa Idesi akapepesenso, chifukwa tsiku lomwe anawononga linali lake. Mng'ono wanuyo mukamuuzenso pambali kuti kupirira kuli ndi malire, poti malangizo aja anawamva mosokonekera.

Inunso ndikudzudzuleni pang'ono. Munayamba kupendeketsa khosi bowo likali laling'ono, ndiye bambowo anaona ngati m'banjamo malo akadalipo. Mukanakana paipi yoyamba, makwerero sakanakufikani.

Chenjezo langa ndi ili: mpaka zonsezi zitakonzedwa, musakweremo, ngakhale ana anu asakweremo, kaya ndi ulendo wa pachigayo pompa. Minibasi zilipo. Lamulungu akakafika kutchalitchi okha, amayi a mvano n'kuwafunsa komwe asiya akazi awo, keliyalayo mudzaiona padenga sabata lisanathe.

Agogo