Mapesi Anu Ali Padenga

Amayi, kodi kumene muliko muli bwanji? Ndikhulupirira kuti anakuikani mbali yozizira, chifukwa munapsa kokwanira muli moyo. Kuno ku Kanyama tili bwino, ngakhale mvula ikungotinamiza ndi mabingu kenako n'kukagwa kumayadi, ngati kuti nayonso imadziwa kumene kumakhala anthu ofunika.

Ndiyambe ndi nkhani yaikulu. Mimba ija munaiona ine ndisanakuuzeni, tsiku limene munandiyang'ana pakhosi n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa yomwe matenda anakusiyirani, inabala mwana wamkazi. Tamutcha Esinati, dzina lanu. Atate ake, ba Chisanga, ankafuna dzina lakwawo, koma ndinawafunsa ngati ndi iwo anamva zowawa. Mwanayo ali ndi makutu anu, ndipo akakwiya amakwinya chipumi monga munkachitira wina akakubwezerani mphika wosatsuka.

Kamunda kanu kakudambo tinakolola. Akuba anatithandizako, komabe chimanga chinatipyoletsa nyengo yozizira osaima pamzere wa ufa. Mapesi ake ndinamangira mpanda wa bafa. Mizere ya saladi wophikira ndiwo, sopo ndi shuga ndiyo ikukulirakulira. Cheyamani wa seksheni anabwera kudzapepesa maliro, ndipo asanadzuke pampando anafunsa ngati ndili ndi khadi lachipani la chaka chino. Ndinamuuza kuti lanu lilipo, ngati akufuna kuwerenga ndi akufa omwe. Yotamu, mwana wanu wapamtima, wabwera kamodzi kuchokera ku Matero kudzafunsa za makina anu osokera. Ndinamupatsa madzi akumwa.

Tsono imvani zimene zinachitika m'chikuta. Poti inu kulibe, apongozi anga, bana Chisanga, anakwera basi kuchokera ku Mbala kudzagwira ntchito imene ikanakhala yanu. Anabwera ndi shawelo yaubweya yoyera yoluka okha, kachipewa ndi timasokosi. Mwana anabadwa mu Okutobala, Amayi, ndipo nyumba yathu mukuidziwa: malata oti munthu wamtali amawakhudza ndi dzanja, windo limodzi. Munawalira zaka zambiri malata amenewo, ndipo atafika munkati walira mvula walira matope. Apongozi anatseka windo ndi chitenje kuti mphepo isalowe, anakulunga mwana mpaka kutsala mphuno yokha, n'kulowetsa mbaula m'chipinda. Anati kwawo khanda silituluka kapena kuzizidwa mchombo usanagwe. Kusatuluka sindinakutsutse, ndi mwambo wathunso. Zinazo ndinameza. Ndinakumbukira mawu anu oti mlendo ndi mame, komanso aja munkandiuza, akuti, "Enelesi, lilime ulisunge ngati mpeni, osati ngati khasu lopita nalo kumunda tsiku lililonse."

Ndili chigonere pamphasa, thukuta likulowa m'makutu, maganizo anabwerera kuyunivesite. Sindikukuimbani mlandu. Ndinasiya ndekha, Yotamu atanena kuti kusamala wodwala ndi ntchito ya akazi. Koma anzanga amene ndinkawajambulira mapu akuyenda m'magalimoto aboma, ndipo mtima ukawawa ndiuza yani ngati si inu? Digiri ndilibe, koma dziko lonse lili m'mutu mwangamu, ndipo palibe amene angandilande.

Munkakonda ndikamakufotokozerani za maiko uku ndikukusambitsani, ndiye ndikuuzeninso. Anthu amaganiza kuti kotentha kopambana ndi pakati penipeni pa dziko, kunkhalango za ku Zaire. Ayi. Kumeneko mitambo ndi mvula zimatchinga. Kumene oyeza nyengo amapeza kutentha koposa kwina konse, kawirikawiri ndi m'zipululu za chakumpoto ndi chakumwera kwake: mchenga wa Sahara, zidikha za ku Iraki ndi Kuweti, za ku Pakisitani, dzenje la mchere la ku Itiyopiya, pakati pa Ositireliya, ndi chigwa china ku Amereka chimene chili pansi kuposa nyanja, chomwe eni ake anachitcha Chigwa cha Imfa. Ambiri mwa malowa amafanana: ndi otsika, ouma, opanda mthunzi, ndipo mpweya wotentha ulibe potulukira. Kwathu kuno ndi zigwa za Luangwa ndi Gwembe, ndi kwanu ku Feira, kumene munkati nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Lusaka ali pamtunda, sayenera kutentha choncho. Koma nditayang'ana malata, windo lotseka ndi mbaula, ndinaona kuti chigwacho tachimanga tokha, ndipo mwana tamuika pansi pake.

Tsiku lina masana Esinati anakana bere. Thewera linali louma chiyambire m'mawa, thupi lili moto, khosi lonse tizilonda tofiira. Kulira kwake kunali ngati kwa kamwana ka mphaka. Nditamuvula chipewa ndinapeza liwombo lalowa. Apongozi anati amenewo ndi matenda a liwombo, apita kukafuna mankhwala opaka, ndipo pakadali pano timufunditse bulangeti kuti atuluke thukuta.

Apo mpeni uja ndinausolola. Ndinawauza kuti kuno si ku Mbala, ndipo mwana wanga si mbatata yoti tiotche. Mbaula ndinaitulutsa ndekha, ndikuyenda chopendekeka ndi mabala a uchembere. Shawelo ndinaiponya pabedi. Ndinati ngati sayamwa dzuwa lisanapendeke, ndimubereka kupita naye kukiliniki, mchombo uli pomwepo, ndipo wofuna kundiletsa ayese. Ba Chisanga anaima pakhomo akuyang'ana amayi awo, akuyang'ana ine, ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri. Ndinawatuma padenga.

Munkati, "Dzuwa salimbana nalo, amalibisalira." Munkandifotokozera mmene kuchigwa ankapachikira mphasa yonyowa pakhomo, kuwaza madzi pansi ndi kufolera udzu wochindikala. Udzu ku Kanyama tiupeza kuti? Ba Chisanga anazula mpanda wa bafa wonse, n'kuyala mapesi anu pamwamba pa malata, n'kutsindira ndi miyala. Masaka a ufa tinawaviika m'madzi n'kuwapachika pawindo ndi pakhomo. Ine ndinakhala pansi ndi mwana, ndikumupukuta ndi kansalu konyowa, ndikufinyira mkaka musipuni n'kumamudonthezera pakamwa. Sindinapempherepo chotero chichokere kumanda kwanu.

Nditakweza mutu, apongozi kunalibe. Ndinati basi, apita kukafunsa za basi ya kwawo, ndipo mbiri yanga ikafika ku Mbala ine ndisanafikeko. Posakhalitsa ndinawaona akulowa ndi ndowa pamutu. Anansi anandiuza pambuyo pake kuti anadutsa mzere wonse wa papompi akukalipa m'Chibemba, ndipo ngakhale anyamata achipani anawapatukira. Masana onse anali uku ndi uku, kunyowetsa masaka akangoyamba kuuma. M'chipinda munayamba kupumika. Mthunzi wa nyumba utafika pakhomo la anansi, Esinati anatembenuza mutu, n'kugwira bere mwaukali mpaka ndinakuwa. Thewera litanyowa tinaliyang'ana tonse atatu ngati ndi nsalu yaukwati.

Ndi pamene apongozi anandiuza, maso ali pasaka limene ankafinya, kuti ba Chisanga si mwana wawo woyamba. Woyamba anabadwa mu Juni, kumapiri ozizira akwawo, iwo ali ndi chitenje chimodzi chokha, ndipo chibayo chinamutenga asanatuluke m'chikuta. Kuluka anaphunzira chaka chomwecho. Ndinaona kuti inu ndi iwo mukanamvana, Amayi. Aliyense ankabisa mwana kwa mdani wakwawo.

Sindinapepese, mumandidziwa. Ndinawaphikira tiyi, n'kuthiramo shuga amene ndinabisa musutikesi. Shawelo ndinaichapa n'kuipinda bwino, ndipo ndinawauza kuti Juni amafika ndi ku Lusaka komwe, Esinati adzapita nayo kutchalitchi anthu aone ntchito ya ambuye ake. Anaseka, n'kunditchula dzina lina m'Chibemba limene ba Chisanga akukana kundimasulira mpaka lero. Tsopano apongoziwo atsala pang'ono kubwerera, ndipo ndadabwa kuti sindikufuna apite.

Mchombo unagwa bwinobwino, mwana tinamutulutsa, ndipo kusikelo anamuyamikira. Masaya ayamba kulendewera. Anansi ankatiseka kuti nyumba yathu yasanduka nkhokwe, koma ndaona madenga ena mumzere wathu atavala mapesi ndi makatoni. Cheyamani akuti zikuipitsa komboni. Ndamuuza kuti abweretse siling'i yotchinga kunsi kwa malata. Vuto limodzi lokha, tikusamba kuseri kwa chitenje, ndipo mphepo ikawomba timasamba mothamanga.

Sabata yatha ndinamusiya mwana ndi apongozi n'kubwera kudzakuonani. Munakana kukaikidwa ku Feira, munati simungabwerere mumphika umene munathawa. Koma kumene tinakugonekani ku Chingwere kulibe ngakhale kamtengo kamodzi. Dothi lang'ambika, ndipo mtanda wanu unanditentha dzanja. Ndinachita manyazi kuti mdzukulu ali pamthunzi wa mapesi anu, inu muli padzuwa.

M'chitini cha saladi kuseri kwa nyumba mwamera kamtengo ka mango, mbewu ya aja munkakonda opanda ulusi. Apongozi ndiwo amakathirira. Mvula ikangogwa yeniyeni ndibwera nako, Esinati ali kumsana, ndidzakabzale kumutu kwanu. Ndidzakathirira mpaka kadzakufunditseni.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa lilime lija,

Enelesi